Wotseka Kumbuyo pa Njira ya Nyulu

Nkhani iyi si ya chibwana, ndipo amene sangathe kukhala chete mpaka ithe ndi bwino asaiyambe n'komwe. Ndinaimva kwa Lameki Dzonzi mwini wake atakalamba. Lameki anali munthu wanthabwala, koma bodza sankanena.

Msewu wa magalimoto usanakumbidwe, katundu wochokera kuchigwa cha kwa Apwitikizi ankakwera kuno kumapiri pa misana ya nyulu. Ambiri a inu nyulu simunaionepo. Ndi mwana wa bulu ndi kavalo. Sibereka, ndi yaliuma, koma phazi lake siliterereka pamwala. Poyamba njirayo inali ya amtengatenga osenza pamutu. Kenaka mwini sitolo wina wa m'malire anabweretsa nyulu khumi ndi ziwiri, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri zinkatsika ndi nyemba, fodya ndi zikopa, n'kubwerako ndi mchere, nsalu ndi makasu. Kutsika anali masiku anayi, kukwera asanu. Lero njirayo inamera tsekera, koma pamiyala ina mukhoza kuonabe pamene ziboda zinaperesa.

Ntchito imeneyi inali ndi malamulo ake, ndipo anthu ankawasunga chifukwa wowaphwanya sankakalamba. Kutsogolo kunkayenda kapitawo ndi nyulu ya belu. Kumbuyo kwenikweni kunkayenda munthu wotseka, woonetsetsa kuti pasatsale chiweto kapena katundu. Pamalo okhota, kapena nkhungu ikatsika, kapitawo ankaitana aliyense ndi dzina kuyambira kutsogolo, ndipo woitanidwa ankayankha kuti, "Ndilipo." Wakumbuyo yekha ankayankha kuti, "Ndatseka," kutanthauza kuti pambuyo pake palibenso munthu.

Panalinso lamulo lina. Munthu akafera m'njira ankamuika pomwepo, ndipo kapitawo ankaimirira pamanda, n'kumuitana dzina katatu, n'kumuuza kuti, "Ntchito yatha. Tula. Weruka." Akatero ankachotsa chishalo chomangirapo katundu pa nyulu ya malemuyo, ndipo inkabwerera kwawo yopanda kanthu pamsana. Kumeneku ankakutcha kumasula. Palibe wina akanatha kumasula munthu, koma kapitawo yekhayo amene anamulemba ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi kapitawo anali Hezekiya Khungwa, mkulu wa mpingo, munthu wosunga nthawi ndi mawu, amene anali asanaferedwepo munthu m'njira. Anali ndi anzake atatu. Woyamba anali a Gwaza, mkulu wa imvi amene anayamba njirayo akusenza pamutu. Wachiwiri anali Zuze Kalikokha, wa kutsidya kwa malire, wamanzere, wa mawu osasa, wokonda fodya wamphuno, amene Chichewa chake chinkapendekera ku Chinyungwe. Zuze ndiye anali wotseka kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo nyulu yake, imene anaitcha Dona, inkaluma aliyense kupatula iye. Wachitatu anali Lameki, mlamu wake wa Hezekiya. Lameki anali mwamuna yekhayo kwawo, mwini mbumba, malume mmodzi yekha wa ana a Hezekiya. Tsiku lonyamuka, mkazi wa Hezekiya, Nadzonzi, anawaperekeza mpaka pamtsinje n'kunena kuti, "Mchere mukhoza kubwera opanda. Koma mlongo wangayu mundibweretsere." Hezekiya anati, "Ndamva." Kwa iye mawu amenewo anali lumbiro.

Kutsika kunayenda bwino. Pobwerera, atawoloka mtsinje waukulu wa kuchigwa, Zuze anagwidwa ndi malungo. Anakana kukwera nyulu. Anayenda tsiku lonse akunjenjemera, chingwe chili m'manja, ndipo m'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anamwalira. Anamuika pansi pa mlambe. Hezekiya anawerenga Mawu, anapemphera, anaimba nyimbo mavesi onse, n'kutseka buku.

"Akapitawo," anatero a Gwaza, "zanu mwatha. Tsopano mumasuleni."

"Ndamuika m'manja mwa Mulungu, a Gwaza. Kumasula kwina kulibe."

"Mulungu wamulandira, sindikukana. Koma mwini wakeyu akudziwa kuti ntchito yatha? Munthu uyu chiyambire sanawerukepo osauzidwa."

"Akufa sadziwa kanthu, ndipo ine sindilankhula nawo. Chaka chathachi ndinadzudzula mayi wamasiye pamaso pa mpingo chifukwa chothira mowa pamanda a mwamuna wake. Lero ndiimirire pano ndiziitana mtembo?"

Lameki anali akupukuta khasu. "Alamu, ingoitanani katatu msangamsanga, abusa sitikawauza. Ndikangouza mlongo wanga yekha, kuti mwamuna wake ali ndi mawu okoma poitana akufa kuposa poitana iye."

"Iwe, pano ndi pamanda."

"Ndiye ndikunena, alamu, kuti tichokepo bwino."

Hezekiya anatenga kachitini ka fodya ka Zuze n'kukaika m'thumba lake pamodzi ndi Baibulo, kuti akapereke kwa mkazi wa malemuyo. Kenaka analamula kuti Dona amuike chishalo ndi matumba ake awiri a mchere, popeza katundu wa mwini sasiyidwa m'tchire. A Gwaza anakana kukhudza chishalocho. Lameki ndiye anamanga.

"Kuyambira lero wotseka ndiwe," anatero Hezekiya.

"Mwandikweza udindo, alamu. Masiku anayi ndikununkhiza kumbuyo kwa nyulu khumi ndi ziwiri. Mlongo wanga anakwatiwa pabwino."

Tsiku limenelo panalibe chimene munthu akanachiloza ndi chala. Koma Dona, amene Lameki ankayembekeza kuti amuluma, anafatsa ngati nkhosa. Ankayenda mwa kale lomwe, osafuna kukuwiridwa, koma makutu ake tsiku lonse analoza kumbuyo, monga nyulu imachitira ikamamvetsera mwini wake. Chakumadzulo Lameki anapunthwa. Chingwe cha kuchidendene cha nsapato yake chinali chitaduka, ngati mmene chimadukira munthu wina akakuponda kumbuyo. Anayang'ana pansi kufuna muzu kapena mwala. Panali mchenga wokhawokha.

M'mawa mwa tsiku lachiwiri Lameki anamanga katundu wa Dona ndi manja ake. Anamanga mofulumira, ndipo iye mwini anaona kuti thumba la kumanja likulemera kuposa linzake, koma anati akakonza popuma. Masana atafika pamthunzi, a Gwaza anabwera kudzaona malamba monga mwa chizolowezi chawo. Anaima nthawi yaitali pambali pa Dona.

"Lameki, unayamba liti kumanga ndi dzanja lamanzere?"

"Ine? Dzanja langa lamanzere ntchito yake ndi kukanda basi."

"Tabwera uone."

Mfundo zonse zinayi zinali zopindira kumanzere, nsonga yake italowetsedwa pansi. Umo ndi mmene ankamangira Zuze, ndipo palibe wina pa njira yonseyo ankamanga choncho. Katundu anali atakhala molingana bwino. Kumbali yopepuka ija kunali kutalowetsedwa mwala wophwatalala, monga oyendetsa nyulu amachitira pofuna kulinganiza katundu. A Gwaza anausolola. Unali mwala wosalala wa mumtsinje, ndipo unali wonyowa. Mtsinje anali atausiya dzana lake.

Hezekiya anauona mwalawo, anaugwira, n'kuuponya patchire. "Wina wa inu akusewera," anatero. "Ndipo ndikumudziwa amene amakonda masewera."

"Alamu, ndikanadziwa kumanga chonchi bwenzi mukunditukwana m'mawa uliwonse?"

Hezekiya anatsegula thumba lake kuti atulutse Baibulo awerenge asananyamuke. Baibulo linalimo. Kachitini ka fodya munalibe. Anakhuthula zonse pansi, anakutumula thumbalo, kenaka anayang'ana a Gwaza, pakuti nawonso ankafwenkha fodya. A Gwaza anangovula malaya awo n'kuwayala pansi, anamasula kathumba ka m'chiuno n'kukaika pambali, n'kuimirira manja ali m'mwamba. Hezekiya anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamuwonjezera liuma.

"Mangani. Tachedwa."

Njira inayamba kukwera. Dzuwa litapendeka anakumana ndi munthu wotsika, atasenza uchi m'chikwa cha khungwa la mtengo. Monga mwa ulemu wa m'njira, munthuyo anapatukira m'tchire kuti nyulu zidutse. Anapereka moni kwa Hezekiya, anapereka kwa a Gwaza, anapereka kwa Lameki. Lameki atayenda mapazi khumi anacheuka, n'kuona munthuyo adakali chiimire m'tchire muja, njira ili yoyera.

"Pitani, achimwene, tatha."

"Adutse kaye akuluwa," anatero wauchi uja, akuyang'ana pamalo opanda kanthu kumbuyo kwa Lameki. Anawerama pang'ono, monga munthu amachitira polandira moni, anadikira, kenaka analowa m'njira n'kumapita osacheuka.

Lameki sanauze aliyense nthawi yomweyo. Koma kuyambira pamenepo analeka kuimba, ndipo Hezekiya, amene kwa masiku asanu ndi awiri ankadandaula ndi nyimbo za mlamu wake, anayamba kutchera khutu kuti azimve.

Patsogolo pake panali nkhalango ya nsungwi, pamene njira imakhotakhota mwakuti wakutsogolo saona wapakati. Hezekiya anaitana.

"Gwaza."

"Ndilipo."

"Lameki."

"Ndatseka."

Belu linalira kawiri katatu. Kenaka, chakumbuyo ndithu, mawu osasa, osafulumira, a munthu wotopa koma wosadandaula, anati, "Ndatseka."

Nyulu zonse zinaima zokha.

"Ndi phiri likubweza mawu," anatero Hezekiya.

"Nanga anga bwanji silinabweze?" anafunsa a Gwaza. "Ndipo phiri limeneli linaphunzira liti Chinyungwe?"

Anamanga msasa dzuwa lisanalowe, m'munsi mwa malo otchedwa Khonde la Anyani. Lameki anakhala atatsamira mtengo, msana utagunda thunthu, osakhudza chakudya.

"Alamu," anatero, "ndisintheni malo."

"Chavuta n'chiyani?"

"Akundiponda. Kuyambira masana wandiponda kanayi. Sakundiponda mwadala, ayi. Ndikuyenda pamene iye amayenda, basi. Ndipo ndikaima, ndimamva fodya pakhosi panga apa."

Hezekiya akanakonda kupita kumbuyo iye mwini, ndipo pa ichi tisamunamizire mantha. Koma nyulu ya belu pa Khonde inkatsata iye yekha, ndipo ikakana yakutsogolo zonse zimakana. Anayang'ana a Gwaza.

"Mundiphere pompano," anatero a Gwaza. "Kumbuyo kuja sindipondako. Koma njira zilipo, akapitawo. Tibwerere kumlambe mukamumasule."

"Masiku awiri kubwerera, awiri kubweranso? Ayi."

"Ndiye mumasuleni pano. Si pamalo pake, koma mwina amva."

"Ndanena kale."

"Basi Lameki ayende kutsogolo kwa Dona, kumbuyo tikusiye kwa mwini wake."

"Kumbuyo kulibe mwini wake wina koma amene ndamuika ine. Pa Khonde chingwe cha nyulu yotsiriza chimagwiridwa. Limenelo ndi lamulo, ndipo inu mukulidziwa kuposa ine."

"Malamulo mumasankha, akapitawo," anatero a Gwaza. "Ili mwatenga, lija mwasiya."

Hezekiya anaimirira, anawauza kuti agwade, n'kupemphera pemphero lalitali. Atatha anati kwa Lameki, "Mawa masana tidzakhala pamwamba. Mkuja uli kwanu. Ndinalonjeza mlongo wako." Lameki anayesa kumwetulira. "Mukakanika, alamu, mukamuuze kuti mbuzi zanga zisapite kwa inu." Palibe amene anaseka.

Khonde la Anyani ndi kanjira kodutsa m'mbali mwa phiri, koyenda ngati theka la ola. Kumanja kuli khoma la mwala, kumanzere kuli phompho. M'lifupi mwake mumakwana nyulu imodzi ndi katundu wake, osatinso china. Nyulu singatembenukepo, ndipo munthu sangapitirire mnzake. Wotseka amayenda kumbuyo kwa nyulu yotsiriza atagwira chingwe chomangidwa kuchishalo, kuti katundu akapendekera kuphompho amukokere kukhoma. Chingwecho chimagwiridwa ndi zala, sichikulungidwa padzanja. Hezekiya anamukumbutsa Lameki zimenezi kawiri asanalowe. Koma manja a Lameki anali kutuluka thukuta, ndipo atangoona kuti mlamu wake wakhota, anakulunga chingwe katatu kuti chisamupulumuke.

Analowa kumwamba kuli koyera. Atafika pakati, mphepo yozizira inachokera kuchigwa, ndipo nkhungu inakwera phompho ngati utsi. Posakhalitsa Hezekiya sankaonanso ngakhale mchira wa nyulu imene ankaitsogolera. Ankayenda dzanja lili pakhoma, akumva belu ndi ziboda. Lamulo linali loti aitane. Anayenda mapazi makumi awiri osaitana, pakuti ankaopa chimene angamve, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kuzengereza pa lamulo. Kenaka anaitana.

"Gwaza."

"Ndilipo."

"Lameki."

"Ndatseka."

Sanali mawu a Lameki. Ndipo sanachokere patali ngati dzulo. Anachokera pamalo enieni a wotseka.

"Lameki," anaitananso Hezekiya. "Lameki Dzonzi, yankha."

Mawu a Lameki anabwera aang'ono, ngati a munthu amene akuopa kupuma. "Alamu, imani."

Hezekiya anaimitsa nyulu ya belu, ndipo zonse zinaima.

"Wagwira chingwe," anatero Lameki. "Wagwira pamwamba pa dzanja langa."

"Taya chingwecho."

"Ndinakulunga."

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Munandiuza, alamu. Mudzandikalipire kunyumba. Akundisuntha. Ndi phewa. Sakukankha mwaukali, akungosuntha, ngati mmene munthu amachitira pabenchi akafuna kukhala. Pano pamakwana mmodzi, alamu."

Timiyala tinagubuduka kumbuyoko n'kugwera kuphompho. Palibe amene anamva pamene tinakafikira.

"Phazi limodzi lili m'mphepete," anatero Lameki.

Pakati pa Hezekiya ndi mlamu wake panali nyulu khumi ndi ziwiri ndi a Gwaza, ndipo panalibe podutsa. Anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine sindinena kuti pemphero limenelo silinamveke. Chimene ndikudziwa n'chakuti ali mkati mopemphera timiyala tina tinagwa, ndipo a Gwaza, amene chibadwire sanadulepo munthu pemphero, analankhula kuchokera munkhungu.

"Akapitawo, Mulungu sanamulembe ntchito Zuze. Munamulemba ndinu."

Hezekiya anasiya pemphero pakati. Anaganiza za mayi wamasiye uja ataimirira pamaso pa mpingo, mutu uli pansi. Anaganiza za Nadzonzi pamtsinje. Anatembenuka, msana unaloza kumene ankapita, nkhope inaloza kumene kunali nyulu zake, ndipo anaitana ndi mawu amene ankaitanira antchito m'mawa.

"Zuze Kalikokha."

"Ndatseka," anayankha mawu aja.

"Waleka kusuntha," anatero Lameki. "Koma sanataye dzanja."

"Zuze Kalikokha."

Panalibe yankho nthawi yomweyo. Kenaka kumbuyo kwenikweni nyulu ina inasuntha ziboda. Inatsatira ya patsogolo pake, kenaka inzake. Imodzi ndi imodzi zinkasunthira kuphompho, matumba akutalikira kukhoma, monga zimachitira zikamapereka njira kwa munthu amene zikumudziwa. Zuze akaitanidwa ndi kapitawo sankayankhira patali. Ankabwera.

"Wandidutsa," anatero a Gwaza. "Musaleke. Kwatsala kamodzi."

Nyulu yachisanu inasuntha, yachinayi, yachitatu. "Ndatseka," anatero mawu aja, tsopano pafupi, ndipo munali ngati funso mkati mwake. Nyulu ya belu inapendeketsa mutu, belu linalira kamodzi, ndipo inapumira chinthu chimene chinali pambali pake. Hezekiya sankaona kanthu koma nkhungu. Koma nkhunguyo patsogolo pake inali yothithikana kuposa kwina, kutalika kwake ngati munthu wamfupi wowerama mapewa, ndipo panali fungo la fodya wamphuno ndi la dothi lokumbidwa kumene.

Pambuyo pake Hezekiya anauza Lameki kuti chimene chinamuopsa kwambiri sichinali fungolo, koma kudikirako. Chinthucho chinaima mwaulemu, monga wantchito woyembekeza kuuzidwa chochita.

"Zuze Kalikokha," anatero kachitatu, motsitsa, pakuti panalibenso chifukwa chokuwira.

Panalibe yankho.

"Ntchito yatha. Unagwira bwino. Tula. Weruka."

Panali ziii. Fungo lija silinachoke.

"Chishalo, akapitawo," ananong'ona a Gwaza. "Sangapite chishalo chili pamsana."

Hezekiya anakweza mawu osasuntha maso. "Lameki, ukundimva? Tulutsa mpeni ndi dzanja lamanzere. Yamba wadula chingwe cha padzanja lako. Chingwe choyamba, wamva? Ukatha undiuze."

Anadikira. Ankamva mpeni ukucheka pang'onopang'ono, ndi kupuma kwa mlamu wake.

"Ndadula."

"Tsamira khoma. Tsopano lowetsa dzanja pansi pa mimba ya Dona, udule lamba."

"Mchere wa mwini, alamu?"

"Dula."

Lamba anaduka. Chishalo chinatsetsereka, matumba awiri anagunda m'mphepete n'kupita. Patapita nthawi anamva kuphulika kwake pansi patali. Dona anadzigwedeza thupi lonse monga nyulu imachitira ikatulidwa madzulo, n'kupuma mwamphamvu.

Mpweya wozizira unadutsa pa tsaya la Hezekiya, mbali ya kukhoma. Nyulu sizinasunthenso. Patsogolo pake panatsala nkhungu wamba.

Hezekiya anatembenuka, anagwira chingwe cha nyulu ya belu, n'kuitana.

"Gwaza."

"Ndilipo."

"Lameki."

Lameki anachedwa kuyankha, ndipo Hezekiya anati kuchedwa kumeneko kunamuchotsera zaka.

"Ndatseka, alamu."

Onse atatu anadikira. Anamva madzi akudontha pamwala, ndi nyulu ina ikutafuna chingwe. Panalibenso china. Hezekiya anakoka nyulu ya belu, ndipo anayenda.

Anatulukira pamwamba dzuwa likuwala. Lameki anakhala pansi n'kumasula chidutswa cha chingwe chimene chinatsalira padzanja lake. Dzanjalo linalibe bala, koma kuseri kwake kunali kozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo anati kuyambira tsiku limenelo mbali imeneyo sinamvenso kutentha, ngakhale aiike padzuwa. Hezekiya analigwira, analiyang'ana, n'kulisiya.

"Ndinakuuza kuti usakulunge."

"Ndinadziwa kuti simudikira kunyumba," anatero Lameki, ndipo anayamba kulira.

Tsiku lotsatira anafika kumudzi. Hezekiya anapita ndi Lameki mpaka pakhomo, anaitana Nadzonzi, n'kunena kuti, "Mlongo wako ndi uyu." Kenaka anapita kusitolo kukanena za matumba awiri aja, osabisa kanthu, ndipo anatuma munthu kutsidya kwa malire kukauza maliro. Za pa Khonde palibe akanaziulula. A Gwaza sanali a mpingo, ndipo Lameki analumbira kuti sadzatsegula pakamwa. Koma Loweruka lake Hezekiya anavala jekete lake lakuda, napita yekha kubwalo la akulu a mpingo, nadzinenera mlandu.

Akuluwo anamvetsera mpaka kumapeto. Anali anzake, ndipo ankafuna kumupatsa potulukira. Wapampando anati, "A Khungwa, tamva. Munali pa mantha, ndipo munthu pa mantha amalankhula zimene sakuzidziwa."

"Ndinkadziwa chimene ndinkalankhula."

"Chabwino. Koma mukuvomera kuti munaitana wakufa?"

"Katatu."

"Ndiye tingofunsa chimodzi, nkhani ithere pano. Mukulapa?"

Hezekiya sanali munthu woyankha kuti akondweretse bwalo.

"Ndikulapa," anatero. "Ndinayenera kuchita zimenezi pamanda, tsiku lomwelo. Ndinamuyendetsa munthu masiku atatu atafa kale."

Wapampando anamupempha kuti abweze mawuwo. Anakana. Motero anamuchotsa pa ukulu, anamuletsa Mgonero kwa chaka chathunthu, namuuza kuti azikhala pabenchi la kumbuyo, la anthu olangidwa. Hezekiya anati chilangocho n'choyenera, popeza iye mwini anaperekapo chotero kwa ena, ndipo chaka chonsecho sanajombe Sabata ngakhale limodzi.

Benchi limenelo linkakhala motalikirako ndi khoma, kuti ochedwa azidutsa kuseri kwake. Sabata loyamba Hezekiya anafika anthu asanabwere. Wosesa m'tchalitchi anamupeza akulikoka yekha, mbali iyi kenaka mbali inayo, mpaka linagunda khoma. Analowetsa dzanja kumbuyo kuti aone ngati patsala mpata woti munthu n'kuimapo, analikankhanso pang'ono, ndipo atatero m'pamene anakhala pansi.